Penti wa timagalimoto akamachita mbuu, kusenda ndi kutulutsa dzimbiri kuno ku Mulanje ndi Thyolo

Chaka ndi chaka, Meyi akangolowa, dandaulo la anthu opanga timagalimoto kuno kwathu limakhala limodzimodzi: penti wakana. Wina wapopera kaminibasi kake ka malata penti wofiira, koma pouma kangoti mbuu. Wina penti anagwira bwino, koma patangotha milungu ingapo wayamba kusenda m'mawaya, moti ukakanda ndi chikhadabo akuchoka yense. Winanso akuona timatuza ta dzimbiri tikutukuka pansi pa penti, chonsecho kagalimotoko sikananyowepo ndi mvula. Onsewa amathamangira kunena kuti anawagulitsa penti wachinyengo.

Penti wachinyengo alipo, sindikukana. Koma nthawi zambiri chitinicho chimakhala chilibe mlandu. Penti yemweyo amene wavuta ku Chitakale mwezi wa Juni, munthu wa ku Nchalo amapopera n'kuwala bwinobwino. Chimene chimatipweteka ife ndi madzi amene ali mumpweya wathu, komanso zimene timasiya pachitsulo tisanapake: mafuta a m'manja, asidi ndi dzimbiri lobisala. Pamwamba pa zimenezo pamabwera phuma lofuna kuona kagalimoto katatha lero lomwe.

Ndikulembera onse: inu opinda mawaya, inu odula zitini ndi malata, inu otola timagalimoto tachitsulo ta Hot Wheels ndi Matchbox pa kaunjika n'kumatipentanso kuti tifanane ndi minibasi za pa msewu wa Limbe ndi Muloza, komanso inu ochepa amene achibale amakubweretserani tapulasitiki tolumikiza nokha ta Tamiya kapena Revell kuchokera ku Johannesburg. Zipangizo zathu n'zosiyana, koma nyengo yathu ndi imodzi.

Penti akachita mbuu

Mu chitini cha penti wopopera muli thinner, mankhwala osungunulira penti, amene amauluka msanga kwambiri. Chilichonse chouluka msanga chimaziziritsa pamene chachokapo. Dontheza kasipiriti padzanja, umva kuzizira nthawi yomweyo. Ndiye mukangopopera, khungu la kagalimoto limazizira kuposa mpweya wa pamalopo, ndipo ngati mpweyawo uli ndi chinyezi chambiri, timadzi timatera pa penti akadali wamuwisi, monga mmene botolo lochokera mu filiji limachitira thukuta mukaliika patebulo. Penti akamauma amatsekera timadzito mkati, ndipo ndito timene timaoneka mbuu. Pa penti wakuda, wofiira ndi wabuluu zimaonekera patali. Pa vanishi womalizira ndiye zimapweteka mtima, chifukwa zimabwera ntchito yonse itatha.

Kwathu kuno chinyezi si mlendo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mphepo yozizira yonyowa yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imadutsa ku Mozambique kuchokera kunyanja yamchere. Ikagunda phiri la Mulanje, lomwe pa Sapitwa limafika mamita 3,002, imakwera, kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi kamvula kowaza kamene kamatha masiku. Ku Thyolo, ku Bvumbwe ndi ku Thekerani n'chimodzimodzi. Tiyi amakonda nyengo imeneyi, koma penti ayi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo nako kuli dzinja. Mukawerengera bwino, miyezi imene munthu angapopere mopanda nkhawa ndi yochepa ndithu: kumapeto kwa Ogasiti, Seputembala ndi mbali ya Okutobala.

Opanga penti wopopera ambiri amalemba pachitini kuti musapopere chinyezi chikapitirira 85 peresenti kapena kukazizira kufika pansi pa madigiri 10, ndipo ena amaika malire otsikirapo. Amene muli ndi foni yoonetsa zanyengo mutha kuona nambala ya chinyezi pamenepo. Koma maso anu ndi okwanira. Ngati phiri silikuoneka, musapopere. Ngati zovala zochapa dzulo zikadali zonyowa pachingwe, ngati mchere wagwirana m'botolo, ngati machesi akuvuta kuyaka, chitinicho chibwezereni pamalo pake. Ngakhale tsiku lowala bwino, m'mawa udzu ukadali ndi mame si nthawi yake, ndipo madzulo dzuwa likapendeka chinyezi chimabwereranso. Nthawi yabwino ndi kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 2 koloko masana.

Musanapopere, kagalimotoko kaikeni padzuwa kwa kanthawi kuti kafunde, kenaka mukalowetse pamthunzi n'kupopera kakadali kofunda. Chitsulo chofunda sichifika msanga pozizira pamene mame amatera. Chitini cha penti nacho chiimikeni m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 5 kapena 10, madzi oti dzanja lanu likhoza kukhalamo osamva kupsa. Penti wofunda amatuluka wosalala. Koma chonde, pambaula ayi, pamoto ayi, m'madzi owira ayi. Zitini zimenezi zili ndi mpweya wopanikizika woyaka, ndipo zimalembedwa kuti zisatenthe kupitirira madigiri 50. Chitinicho chikafunda m'madzimo, chikhutchumuleni kwa mphindi 2 zathunthu kuyambira pamene kampira ka mkati kayamba kulira.

Popopera, dzanja likhale masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa kagalimoto, ndipo liziyenda. Yambani kukanikiza musanafike pa kagalimoto, mulekere mutadutsa. Ulendo woyamba ukhale wopyapyala kwambiri, woti chitsulo chizionekerabe. Penti wokhuthala amakhala ndi thinner wambiri, amaziziritsa kwambiri, ndipo ndi amene amayamba kuchita mbuu.

Mukamaliza musakasiye pabwalo. Konzeranitu katoni youma yoboola timabowo m'mbali, muikemo botolo la madzi otentha lotseka bwino lomwe mwalipukuta kunja, kenaka kagalimotoko chapatali pang'ono ndi botololo, n'kuvundikira. Mkatimo mumakhala mofunda ndipo fumbi silifikamo. Ena amaikamo babu yoyaka, koma ine sindivomereza, chifukwa mpweya wa thinner ndi chinthu chotentha m'katoni yotseka n'zoopsa.

Nanga ngati mbuu wabwera kale? Mukamuona penti akadali wamuwisi, thamangitsirani kagalimotoko pamalo ofunda ndi ouma. Kawirikawiri amatha yekha. Ngati wauma nazo, musachite kanthu tsiku limenelo. Dikirani tsiku la dzuwa. Penti wa mtundu wa lacquer, amene amauma m'mphindi zochepa ndipo fungo lake ndi lamphamvu, amasungunukanso mukamupopera wina pamwamba, choncho ulendo umodzi wopyapyala wa penti yemweyo umatsegula njira yoti timadzi tija tituluke. Penti wamafuta wa enamel, amene amachedwa kuuma, sachita zimenezo. Ameneyu mumudikire aume kotheratu, mumukhule pang'onopang'ono ndi sandipepa wa nambala 1000 kapena 1500 womviika m'madzi, mupukute, muumitse, n'kupoperanso. Mbuu wochepa wa pamwamba chabe amachoka ndi mankhwala otsukira mano oyera aja, mukamatikita ndi kansalu kofewa.

Maganizo anga ndi akuti Juni ndi Julayi ikhale miyezi yopinda, kudula, kukhoma ndi kulumikiza. Kupopera kudikire. Koma chitsulo chimene mwachikhula musachisiye chamaliseche mpaka Seputembala, chidzakhala chitachita kale dzimbiri. Chipakeni penti woyambira ndi bulashi, amene m'mashopu amamutchula primer kapena andakoti, chikhale chotetezeka podikira. Amene simungadikire chifukwa muli ndi oda, gwiritsani ntchito penti wamadzi wa acrylic ndi bulashi yofewa. Amachedwa kuuma kukakhala nkhungu, koma sachita mbuu ngati wopopera.

Penti akamasenda

Apa nyengo ili ndi mbali yake yaing'ono chabe. Nkhani yaikulu ndi zimene zinali pachitsulo. Nthawi yozizira tonse timadzola mafuta ambiri m'manja kuti asang'ambike, ndipo mafuta omwewo ndi amene timawasiya pa kagalimoto tikamakagwiragwira. Penti sagwira pa mafuta. Nthawi zina amathawa pomwepo n'kusiya timabowo tozungulira, nthawi zina amaphimba bwino koma osamatirira. Choncho musanapake chilichonse, tsukani kagalimotoko ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, mutsukuluze bwino, muumitse padzuwa, kenaka mupukute ndi sipiriti. Palafini musapukutire, amasiya mafuta ake. Kuchokera pamenepo musakagwirenso ndi manja. Kakoleni ndi kawaya kunsi kwake, kawayako ndiko chogwirira chanu mpaka ntchito ithe.

Kenaka dziwani chitsulo chimene muli nacho, chifukwa chilichonse chili ndi khalidwe lake.

Waya wa mpanda wotuwa uja ndi malata ofolerera nyumba amakutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri. Ichi ndiye chimene chimagwetsa ambiri. Penti wamafuta wa enamel, yemwe timapaka zitseko ndi mawindo, akakumana ndi zinki pamapangika kanthu konga sopo pakati pa penti ndi chitsulo. Sizioneka tsiku loyamba. Pakapita milungu kapena miyezi penti amayamba kufutukuka, ndipo chinyezi chimafulumizitsa zimenezi. N'chifukwa chake kagalimoto ka mawaya kamene kanali kokongola pa Khirisimasi kamakhala katasenda pofika Isitala. Ngakhale primer wofiira wa red oxide, amene ndi wabwino kwambiri pa chitsulo chakuda, wamba uja si woyenera pa zinki. Chofunika apa ndi kupukuta wayayo ndi viniga woyera, kumusiya mpaka kunyezimira kwake kutazilala, kutsukuluza ndi madzi, kuumitsa bwino, n'kupaka primer wolembedwa kuti ndi wa malata kapena etch primer. Amenewa muwafunse m'mashopu a zomangira, ndipo akasowa pa boma, ku Limbe ndi ku Blantyre amapezeka. Lata lakale limene lakhala padenga zaka n'kutuwa limagwira penti bwino kuposa latsopano lonyezimira, bola likhale lopanda dzimbiri. Musanyoze zidutswa zotsala pamene akufolerera nyumba mwatsopano.

Zitini zili mitundu iwiri, ndipo maginito ndi amene amaweruza. Za zakumwa zoziziritsa kukhosi zambiri ndi za aluminiyamu, maginito sagwira. Sizichita dzimbiri lofiira, n'zofewa kudula, koma n'zoterera ndipo kunja kwake kuli kale zolemba ndi vanishi. Zikhuleni ndi sandipepa wa nambala 400 kapena 600 mpaka kuwala konse kuthe, kenaka etch primer. Za nsomba, za tomato ndi za mkaka wa ufa zambiri ndi zachitsulo chokutidwa pang'ono chabe, maginito amagwira. Zimenezi zimalandira penti bwino mukazikhula, koma pamene mwadula ndi sizasi pamakhala chitsulo chosatetezeka, ndipo dzimbiri limayambira pamenepo. M'mphepete modula monse muzipitamo ndi kabulashi ka primer musanapopere thupi lonse.

Timagalimoto ta pa kaunjika tija matupi ake amaumbidwa ndi chitsulo chotchedwa zamak, chomwe ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu, magineziyamu pang'ono ndi kopa. Popeza ndi zinki, lamulo lija la malata likugwiranso ntchito. Musapente pamwamba pa penti wakale wokandikakandika. Boolani mitu ya misomali iwiri kapena umodzi ya kunsi, mupatule thupi, mawindo, mipando ndi matayala, muchotse penti yense wakale, kenaka etch primer wopyapyala.

Tapulasitiki ta m'bokosi nato timafika tili ndi kamafuta kochokera ku fakitale, ndiye kutsuka kuja musakudumphe. Chachikulu choti musamale ndi penti wopopera magalimoto enieni. Thinner wake ndi waukali, amadya pulasitiki ya timagalimotoyi n'kusiya khungu lokhakhala long'ambikang'ambika, lomwe simungalisalazenso. Ngati mulibe penti wina, yambani ndi primer wolembedwa kuti ndi wa pulasitiki, maulendo awiri opyapyala kwambiri, kuti akhale mpanda pakati pa pulasitiki ndi pentiyo.

Pali kayeso kamene ndimafuna aliyense azichita. Tengani chidutswa chotsala cha chitsulo chomwecho, muchikonze ndi kuchipenta mofanana ndi kagalimoto kanu. Chikauma, lembanipo timizere topingasana ndi lezala, mumatepo selotepi mwamphamvu, n'kuimatula msanga. Penti akatsatira selotepi, ndiye kuti pa kagalimoto pachitikanso zomwezo, ndipo ndi bwino mwadziwira pa chidutswa.

Dzimbiri lotulukira pansi pa penti

Penti sapha dzimbiri, amangolibisa. Ngati wayayo anali ndi madontho ofiira pamene mumapaka, madonthowo apitiriza kukula mkati. Waya wadzimbiri mviikeni mu viniga usiku umodzi, mumukhule ndi sitiliwulu wotsukira mapoto, mumutsukuluze m'madzi osungunuliramo soda wophikira kuti asidi wa viniga athe mphamvu, muumitse padzuwa, ndipo mumupake primer tsiku lomwelo. Mukagoneka mawa mumupeza wayambanso kufiira. Waya wokutidwa ndi zinki yekha musamugoneke mu viniga, chifukwa usiku wonse umachotsa zinki yense amene amamuteteza. Ameneyu ndi wongopukuta basi.

Malo amene dzimbiri limakonda kwambiri ndi pa mfundo, pamene waya wazengerezedwa pa mnzake. M'timipata timeneto madzi otsukira amabisala, ndipo penti wopopera safikamo. Mukatsuka, kagalimotoko kakhale padzuwa nthawi yaitali, muzikatembenuza. Kenaka tengani kabulashi kakang'ono, muloze primer wosungunula pang'ono pa mfundo iliyonse kuti alowe mkati.

Amene mumalumikiza malata ndi mtovu monga amachitira amisiri okhoma zidebe, kumbukirani asidi uja mumapaka kuti mtovu ugwire. Akatsalira, amakoka chinyezi n'kumadya chitsulo pansi pa penti, ndipo mudzaona mzere wa matuza wotsatira ndendende pamene munawotcherera. Madzi a soda ndi kamswachi kakale ndiwo mankhwala ake, mukangomaliza kuwotcherera.

Chinanso chimene ambiri sachiganizira ndi waya wa kopa, wofiirira uja timamuchotsa m'mamota ndi m'mawailesi akale. Ndi wofewa, amamanga bwino, amakongola. Koma kopa akakhudzana ndi zinki kapena aluminiyamu pamalo a chinyezi, chitsulo chinacho chimadyeka msanga kuposa mmene chikanachitira chili chokha. Ku malo ouma sizidetsa nkhawa kwenikweni, koma kuno zimaoneka. Mangani ndi waya wopyapyala wa mtundu womwewo, kapena ndi malegeni. Ngati mukufuna kopa chifukwa cha maonekedwe, yambani mwapenta chitsulo cha pansicho kuti ziwirizo zisagundane.

Makwinya, ndi penti wokana kuuma

Mwapaka mtundu woyamba, wakhala bwino. Mwabwera ndi wachiwiri woti mulembere mizere ya m'mbali, kapena vanishi womalizira, ndipo pamaso panu pomwepo khungu lonse lachita makwinya. Zimenezi zimachitika penti waukali akapita pamwamba pa wofatsa. Lacquer ndiye waukali kwambiri, enamel ali pakati, acrylic wamadzi ndiye wofatsa. Waukali azikhala pansi, wofatsa pamwamba. Enamel pamwamba pa lacquer wouma palibe vuto. Lacquer pamwamba pa enamel ndi makwinya. Vuto ndi lakuti zitini zina sizilemba mtundu wake momveka, ndiye musayerekeze kusakaniza za makampani osiyana musanayese pa chidutswa chija, kapena kuseri kwa supuni yapulasitiki ngati kagalimoto kanu n'kapulasitiki.

Ngakhale penti wa chitini chimodzi amatha kudzichitira yekha makwinya. Enamel amayamba kuuma pamwamba, mkati mukadali mwamuwisi. Mukapopera wina pa nthawi imeneyo, thinner watsopano amalowa pansi pa kakhungu kaja n'kukakwinya. N'chifukwa chake zitini zambiri zimalemba kuti mubwereze ola limodzi lisanathe, apo ayi mudikire maola 48. Werengani chitini chanu, ndipo nthawi ya chiperoni muwonjezere masiku pa zimene alembazo, chifukwa iwo amawerengera malo ofunda ndi ouma. Mphuno ikuthandizani. Ngati mukanunkhiza pafupi fungo la penti likumvekabe, sanaume. Sabata yathunthu si nthawi yaitali kwa enamel mwezi wa Julayi.

Pali penti wina amene sauma n'komwe, ngakhale mudikire mwezi: enamel wopakidwa pa matayala a mphira kapena a pulasitiki yofewa. Zinthu zofewazi zili ndi mafuta ake amene amatuluka pang'onopang'ono n'kulepheretsa pentiyo kulimba, ndiye amangokhala wonata, kumata fumbi. Matayala odula ku patapata kapena ku mphira asiyeni mtundu wake, kapena sankhani patapata wakuda poyamba pomwe. Mukafunitsitsa kuwapaka, acrylic wamadzi ndi amene amauma.

Ndinenepo za kukhuthala, chifukwa ife amene timasamala za muyeso zimatikhudza. Minibasi ya Toyota Hiace yotalika pafupifupi mamita 4.7, pa muyeso wa 1:24, kutanthauza kuichepetsa ka 24, imakhala masentimita 19 ndi theka. Pa kagalimoto kotere, penti wokhuthala theka la milimita akufanana ndi mamilimita 12 pa galimoto yeniyeni. Mizere ya zitseko imakwiririka, zogwirira zimasowa, kagalimoto kamaoneka kotupa. Pa ta 1:64 ta pa kaunjika ndiye zimanyanya. Penti akayenderera n'kusiya mkanda, musamupukute akadali wamuwisi, muwononga malo aakulu. Mulekeni aume kotheratu, mumupale ndi sandipepa wa 800 womata pa kathabwa kosalala, kenaka 1500, n'kupoperanso pang'ono.

Mu Okutobala vuto limatembenuka. Kukatentha kwambiri penti amauma ali m'malere asanafike pa kagalimoto, n'kutera ngati mchenga. Sendezani dzanja pafupi pang'ono, poperani m'mawa kusanatenthe, pamthunzi, ndipo wazani madzi pansi kuti fumbi lisabuke. Katoni ija ikufunikabe, koma tsopano yopanda botolo.

Mawindo ndi matabwa

Ambiri timadula mawindo ku mabotolo apulasitiki oonekera, n'kuwamata ndi supa guluu. Mawa lake windo lonse layera m'mphepete, nthawi zina mpaka chidindo cha chala chanu chaonekera. Guluu ameneyu amatulutsa mpweya umene umagwirana ndi chinyezi ndi mafuta a zala n'kusiya choyera chimenecho, ndipo m'kagalimoto kotsekeka mpweyawo ulibe kothawira. Gwiritsani ntchito guluu woyera wa matabwa. Amachedwa, mungafunike kugwiriziza windo ndi kaselotepi usiku wonse, koma akauma amaonekera ndipo sawononga kanthu. Mawindo alowe pomalizira penipeni, vanishi atauma kale.

Amene mumasema matupi ndi matabwa, vuto lanu ndi thabwa losauma. Penti amatsekera madzi mkati, kenaka amatukuka kapena kung'ambika motsatira mitsempha ya thabwalo. Zidutswa za paini, bulugama kapena malaina zotsala kwa akalipentala zisungeni m'nyumba pamalo ouma kwa milungu musanazigwiritse ntchito, ndipo pewani pamene pali mfundo ya paini, chifukwa utomoni wake umatulukira pa penti kukatentha. Mkungudza wa m'phiri ndikupemphani muusiye. Ndi mtengo wa fuko lathu, wotetezedwa ndi lamulo, ndipo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Komanso uli ndi mafuta ambiri amene amalimbana ndi penti, ndiye palibe chimene mungapindule nawo pa ntchito ino.

Kuchotsa penti kuti muyambirenso

Nthawi zina kukonza pamwamba n'kutaya nthawi, makamaka pa makwinya aakulu ndi penti wosenda. Pa mawaya, malata ndi matupi a zamak, thinner wa magalimoto kapena mankhwala ochotsera penti a m'shopu amagwira ntchito, ndi kamswachi kakale. Pa pulasitiki zimenezi musayandikize n'komwe, zimasungunula. Ambiri amagwiritsa ntchito mafuta a mabuleki: kumviika thupilo m'chidebe chotseka kwa tsiku limodzi kapena awiri, kukhula ndi mswachi, n'kutsuka kwambiri ndi sopo. Musagoneke masiku ambiri chifukwa pulasitiki ina imafooka n'kuyamba kuthyoka, ndipo mawindo asalowemo. Kositiki soda amachotsa enamel pa pulasitiki ndi pa chitsulo chakuda, koma amadya aluminiyamu mwaukali, amadetsa zinki, ndipo amawotcha khungu ndi maso. Ine ndimati ngati pali njira ina, musiyeni.

Zonsezi zichitikire panja kapena pakhonde lopita mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya. Valani magolovesi ndi chotchinga kumaso. Kansalu kapakamwa kamatchinga timadontho ta penti koma sikatchinga mpweya wa thinner, ndiye mphepo izichokera kumbuyo kwanu. Ana amene akuphunzira ntchitoyi apinde mawaya ndi kupaka penti wamadzi, koma chitini chopopera ndi mankhwala ochotsera penti zikhale m'manja mwa wamkulu. Zotsala musathire m'ngalande kapena mumtsinje, anthu kumunsi akumwa madzi omwewo.

Kagalimoto kakatha, kosunga nako kuli ndi mbali yake. Pansi pa simenti ndi pa khoma loyang'ana kumene kumachokera chiperoni pamakhala chinyezi nthawi zonse. Pawindo pamene pamawomba dzuwa penti wofiira amazilala msanga. Malo abwino ndi kabati yagalasi kapena bokosi lapulasitiki lotseka, muikemo timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mafoni. Timapaketito tikakhuta madzi timasiya kugwira ntchito. Inu ogulitsa kwa alendo okwera phiri ku Likhubula kapena m'mbali mwa msewu, musakulunge kagalimoto m'jumbo kapena m'nyuzipepala fungo la penti likadalipo. Jumbo limamatirira n'kusiya zipsera, ndipo inki ya nyuzipepala imadinda pa penti woyera. Kadikireni kaume mpaka fungo lithe, kenaka kakulungeni m'kansalu kofewa ka thonje, matayala ali pansi, n'kukaika m'katoni yakeyake.